Nkhope ya pa foni si mboni

METANGULA — Masiku ano m'mbali mwa nyanja ya Niassa, kuyambira ku Meluluca kudutsa pa Metangula ndi Messumba mpaka ku Cóbuè, nkhani zambiri zikufika pa foni. Mtengo wa usipa ku Lichinga ukufika pa foni. Uthenga wa maliro wochokera ku Likoma ukufika pa foni. Ndalama za mwana amene ali ku ntchito kutali nazo zikufika pa foni, kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Ndipo pambali pa uthenga wa pa WhatsApp kapena pa Facebook pamakhala kachithunzi ka nkhope ya amene wautumiza.

Vuto lagona pa kachithunzi kameneko. Lero kuli makina otha kujambula nkhope ya munthu amene sadabadwe, wopanda mayi, wopanda mudzi, wopanda mfumu. Luso lake pa Chingerezi akulitcha AI, pa Chipwitikizi IA. Kulinso makina ena amene adaphunzitsidwa kugwira nkhope zabodzazo. Ena akuti poti makina ogwirawa alipo, anthu agone tulo. Maganizo amenewo ndi olakwika. Makina ogwira bodza ndi othandiza ndithu, ndipo makampani a foni ndi boma ayenera kukhala nawo. Koma munthu wa ku Lago asatumize ndalama, asapereke mwana wake, asatsutse mnzake pa mlandu chifukwa cha chithunzi chokha, ngakhale makinawo atanena kuti n'chenicheni.

Kale chithunzi chinali mboni

Akuluakulu ali ndi chifukwa chokhulupirira chithunzi. Pa nthawi ya nkhondo imene idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni a dziko lino adathawira ku Malawi. Ana ambiri adasiyana ndi makolo awo pothawa. Kuyambira mu 1988, boma pamodzi ndi bungwe la Save the Children adayamba kujambula ana oterowo ndi kumata zithunzi zawo pa mapepala amene ankaonetsedwa m'midzi. Mayi kapena mtsibweni akaloza chithunzi n'kunena kuti uyu ndi wathu, ulendo wobwezera mwanayo kwawo unkayambika. Mu 1994, pa chisankho choyamba cha zipani zambiri, khadi la voti lidabwera ndi chithunzi cha mwini wake. Chiphaso cha boma, bilhete, nachonso chimadziwika ndi nkhope.

Chithunzi chinali ndi mphamvu chifukwa cha chinthu chimodzi chokha. Kuti chikhalepo, munthu ankayenera kuima pamaso pa kamera. Kamera siinkatha kujambula munthu amene palibe. Lamulo limenelo lidatha mphamvu, ndipo anthu ambiri sadamve kuti latha.

Mmene nkhope yabodza imapangidwira

Mu 2014 wophunzira wina wa pa yunivesite ya Montreal ku Canada, Ian Goodfellow, ndi anzake adapeza njira yopikisanitsa mapulogalamu awiri a kompyuta. Pulogalamu yoyamba ili ngati munthu wopanga ndalama zachinyengo. Yachiwiri ili ngati kalaliki wa ku banki. Yoyamba imajambula nkhope, yachiwiri imanena ngati nkhopeyo ndi yeniyeni kapena yopeka. Ikagwidwa, yoyamba ija imakonza pamene yalakwitsa n'kuyesanso. Zimatero kambirimbiri, usana ndi usiku, mpaka kalaliki uja atalephera kusiyanitsa.

Apa pali mfundo yofunika kuisunga. Mphunzitsi wa wachinyengo ndi yemweyo womugwira. Nthawi iliyonse imene wagwidwa ndi nthawi imene waphunzira.

Mu Disembala 2018 kampani ya Nvidia idatulutsa pulogalamu yotchedwa StyleGAN, imene idaphunzira pa zithunzi 70,000 za anthu enieni zotengedwa pa intaneti. Mu Febuluwale 2019 katswiri wina, Philip Wang, adatsegula tsamba la pa intaneti limene linkapereka nkhope yatsopano nthawi iliyonse munthu akalitsegula, kwaulere. Mwa nkhope zonsezo panalibe ngakhale imodzi ya munthu wamoyo.

Achinyengo sadachedwe. Mu Juni 2019 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press lidaulula za "Katie Jones", mayi wa nkhope yopeka amene adapalana ubwenzi pa intaneti ndi anthu a maudindo ku Washington. Mu Disembala chaka chomwecho kampani ya Facebook idatseka maakaunti oposa 600 a gulu limodzi, ena mwa iwo atavala nkhope zopangidwa ndi makina. Kenaka bodzali lidayamba kuyenda ndi kulankhula. Mu 2023 ku South Africa nkhope za owerenga nkhani a wailesi ya kanema ya SABC zidabedwa n'kuikidwa m'mavidiyo oitanira anthu kuti aike ndalama zawo m'mabizinesi achinyengo. Mu 2024 ku Hong Kong wantchito wa kampani ina adatumiza madola pafupifupi 25 miliyoni atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu amene ankaoneka ngati mabwana ake. Onsewo anali opeka.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za m'mizinda ya kutali, kuno kulibe madola 25 miliyoni. N'zoona. Koma uthenga uja wakuti "ndalama zija tumizani pa nambala iyi" ndi wodziwika kale kwa aliyense amene ali ndi foni mu Moçambique. Udabera anthu uli wopanda nkhope. Nanga ukabwera ndi nkhope yaulemu, ya bambo wovala taye amene akuti akulemba anthu ntchito ku Nampula kapena ku Joni, kapena ya namwali amene akuti akufuna banja koma asowa ya ulendo? Kwa msodzi, ndalama za usipa wa mwezi wathunthu ndi zazikulu kuposa mamiliyoni a kampani ya ku Hong Kong.

Diso la munthu lagonja

Poyamba nkhope zopeka zinali ndi zizindikiro. Ndolo za kumanja ndi kumanzere zinkasiyana, mano ankasokonekera, tsitsi linkasungunukira m'khoma la kumbuyo, dzanja linkatuluka ndi zala 6. Zizindikiro zimenezi zikumka zichepa chaka ndi chaka.

Mu 2022 akatswiri awiri, Sophie Nightingale wa ku yunivesite ya Lancaster ndi Hany Farid wa ku Berkeley, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Adaonetsa anthu 315 zithunzi zosakaniza, zenizeni ndi zopeka. Anthuwo adakhoza pafupifupi 48 pa 100, kutanthauza kuti munthu wotseka maso n'kumangolota akadachita chimodzimodzi. Gulu lina lidaphunzitsidwa zizindikiro ndi kuuzidwa pamene lalakwa, koma lidangofika pa 59 pa 100. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti atafunsidwa nkhope zimene akuziona zokhulupirika, anthu adapereka mamalikisi okwererapo kwa nkhope zopeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho munthu amene amadzitama kuti iye ali ndi diso, sanganamizidwe ndi chithunzi, ndi amene ali pa ngozi yoyamba.

Mmene makina ogwira bodza amaphunzirira

Poti diso lagonja, akatswiri adatembenukira kwa makina. Kaphunziridwe kake sikovuta kukamvetsa. Mayi amene wagula ndi kugulitsa usipa zaka 20 amadziwa ndi dzanja lokha ngati usipa udaumira pa thandala kapena pa mchenga. Palibe adamulembera malamulo pa bolodi. Adagwira usipa wambiri, adalakwitsa, adaluza, mpaka dzanja lidazolowera.

Kompyuta nayo imaphunzira chotero. Amaionetsa zithunzi zikwizikwi, chilichonse chitalembedwa kale kuti ichi n'chenicheni, ichi n'chopeka. Iyo imalota yankho. Ikalakwa imauzidwa, ndipo imasintha pang'ono kawerengedwe kake. Pomaliza imayamba kuona zinthu zimene diso silingaone. Chithunzi chilichonse chimapangidwa ndi timadontho tating'ono kwambiri. Kamera imasiya mapazi ake m'timadonthomo, makina opeka nawo amasiya mapazi a mtundu wina. Palinso zizindikiro za m'thupi. Akatswiri a yunivesite ya Buffalo ku America, motsogozedwa ndi Siwei Lyu, adayang'ana kuwala kumene kumanyezimira m'maso. Mwa munthu weniweni maso onse awiri amaonetsa kuwala kofanana, poti akuyang'ana nyali imodzi kapena zenera limodzi. M'nkhope zopeka kuwalako kunkasiyana. Pa mayeso awo njira imeneyi idakhoza 94 pa 100.

Zimenezi si zonyozeka. Makina angathe kuunika zithunzi mamiliyoni pa tsiku, ntchito imene palibe gulu la anthu lingaithe. Koma yankho lawo silikhala lakuti inde kapena ayi. Amangopereka muyeso wa chikayiko, monga mmene wodziwa nyengo amanenera kuti mwera ungathe kuwomba mawa. Ndipo ukonde wawo uli ndi malo atatu ong'ambika, amene onse akukhudza anthu a kuno.

Malo atatu ong'ambika

Oyamba ndi akuti makina amagwira bodza limene adaliona kale. Mu 2019 ndi 2020 kampani ya Facebook ndi anzake adachititsa mpikisano wa madola 1 miliyoni wofuna pulogalamu yabwino yogwira mavidiyo a nkhope zabodza. Anthu oposa 2,000 adalowa nawo. Pulogalamu imene idapambana idakhoza 82 pa 100 pa mavidiyo a mtundu umene idazolowera. Ataipatsa mavidiyo achilendo idatsika kufika pa 65 pa 100. Ndiye kuti pa mavidiyo atatu aliwonse, inkalakwa pa imodzi. Ndipo chizindikiro chikangolengezedwa, achinyengo amachikonza. Mu 2018 akatswiri adaona kuti nkhope za m'mavidiyo abodza sizinkaphethira bwino. Pasadapite nthawi zidayamba kuphethira. Mlenje akasintha msampha, nyama nayo imasintha njira.

Achiwiri ndi a foni yeniyeniyo. Makina amayesedwa pa zithunzi zoyera bwino, zojambulidwa pa kuwala kokwanira. Chithunzi chofika ku Cóbuè sichikhala chotero. WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye ndalama zambiri potumiza. Wina amachijambulanso pa galasi la foni yake n'kutumiza kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina. Pamene chikufika, mapazi aja a m'timadontho amakhala atafufutika ngati mapazi a pa mchenga mafunde atadutsa. Chabodza chingaoneke choyera. Chenicheni, chojambulidwa ndi foni yotsika mtengo pa kuwala kwa nyali ya pa bwato, chingaoneke chokayikitsa.

Achitatu ndi a khungu. Makina amadziwa bwino nkhope za mtundu umene adauona kwambiri pophunzira, ndipo zithunzi zambiri zophunzitsira ndi za azungu. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru adayesa mapulogalamu atatu a makampani akuluakulu pa ntchito yapafupi, yongonena ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna oyera khungu zolakwa sizidafike ngakhale 1 pa 100. Pa amayi akuda, pulogalamu ina idalakwa pafupifupi 35 pa 100. Matenda omwewo adapezekanso m'makina ogwira nkhope zabodza. Kafukufuku wa mu 2021 wa pa University of Southern California adapeza kuti kalakwidwe kawo kankasiyana ndi pafupifupi 11 pa 100 pakati pa mitundu ya anthu. Mayi wa ku Maniamba ali m'gulu limene makinawa amalidziwa pang'ono.

Ngozi ili mbali ziwiri

Anthu ambiri amaopa kuti bodza lidzadutsa ngati choona. Koma palinso ngozi ina, yakuti choona chidzakanidwa ngati bodza.

Za ku Gabon ndi phunziro. Mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Ali Bongo, adadwala mu Okutobala 2018 n'kusowa pamaso pa anthu. Boma litaulutsa vidiyo ya uthenga wake wa chaka chatsopano, ena adati ndi yopeka chifukwa nkhope yake inkaoneka yachilendo. Palibe amene adatsimikiza kuti inali yopeka. Komabe pa 7 Januwale 2019 asilikali ena adayesa kulanda boma, ndipo adatchula uthengawo ngati umboni wakuti mtsogoleriyo sangathenso kulamulira. Chikayiko chokha chidagwedeza dziko.

M'mudzi zingachitike pang'onopang'ono koma zopweteka. Munthu wajambulidwa akulandira chiphuphu, kapena akukoka ukonde wa udzudzu pamalo oswanirana nsomba. Pa bwalo angangonena kuti chithunzicho n'cha makina, ndipo amene adajambula sadzakhala ndi poyankhira. Palinso nkhani ya maofesi. Mu 2023 boma lidavomereza malamulo atsopano a kalembera wa makadi a foni, ofuna kuti mwini khadi adziwike ndi zizindikiro za thupi lake monga zala ndi nkhope. Kulikonse kumene nkhope yasanduka kiyi, pamafunika makina otsimikiza kuti nkhopeyo ndi ya munthu wamoyo. Makinawo akalakwa, wolangidwa ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito kapena mayi wamasiye amene adzauzidwa kuti kompyuta yamukana. Kuchokera ku Metangula kupita ku Lichinga kukadandaula ndi ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo kwa wa ku Cóbuè ndi wautali kuposa pamenepo.

Katundu asenze ndani

Wina angati ngati makinawa ali ndi zilema zotere, bwanji osangowataya. Kumeneko n'kutentha nkhokwe chifukwa cha khoswe. Mlonda amene amagwira akuba awiri mwa atatu ndi wabwino kuposa kusowa mlonda. Chofunika n'chakuti aliyense adziwe malire a mlondayo, ndipo katundu asenze amene ali ndi mphamvu.

Mlimi wa ku Lunho alibe kompyuta yoyesera zithunzi, ndipo sibwino kumuuza kuti adziteteze yekha. Makampani monga Meta, mwini wa Facebook ndi WhatsApp, ndi amene ali ndi makina ndi ndalama. Vodacom, Movitel ndi Tmcel ndi amene ndalama zobedwa zimadutsa m'manja mwawo. Iwowa ayenera kutseka msanga manambala ndi maakaunti amene anthu awadandaula, ndi kulandira madandaulowo m'Chinyanja ndi m'Chiyao, osati m'Chipwitikizi chokha.

Bungwe loyang'anira za mafoni la INCM, ndi ofesi iliyonse ya boma imene ikufuna kugula makina oyesera nkhope, ifunse wogulitsa funso limodzi isadalipire: kodi makinawa adayesedwa pa nkhope za anthu akuda, zojambulidwa ndi mafoni a kumudzi, ndipo adalakwa kangati? Yankho lilengezedwe poyera. Komanso pakhale lamulo lakuti makina akakana munthu, mlandu usathere pomwepo. Pa posto iliyonse pakhale wantchito amene angayang'ane munthuyo m'maso, kumva mboni zake, ndi kumasula zimene kompyuta yamanga.

Wailesi nazo zili ndi gawo. Rádio Moçambique ya ku Lichinga ndi wailesi ya m'dera ku Metangula zimafika kumene nyuzipepala siifika. Zifotokozere anthu m'chilankhulo chawo kuti nkhope ingathe kupekedwa, mawu angathe kupekedwa, ndipo kunamizidwa si manyazi oti munthu abise.

Nzeru ilipo kale m'mudzi

Chotsala chili m'manja mwa anthu eni ake, ndipo si chachilendo. Anthu a m'mbali mwa nyanja sadayambe akwatitsa mwana wawo kwa nkhope. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, makolo amafunsa kwawo, mfumu yake, ndi ankhoswe ake. Ku tchalitchi cha Anglican ku Messumba ndi ku Likoma ukwati umalengezedwa Masabata atatu, kuti amene akudziwa chovuta anene. Mlendo wofuna malo amayamba waonekera kwa mfumu. Njira zonsezi zili ndi maziko amodzi: munthu amadziwika ndi anthu amene akumudziwa.

Maziko omwewo agwire ntchito pa foni. Wachibale akalemba pa nambala yatsopano kuti ali pa mavuto, aimbiridwe pa nambala yake yakale. Poti mawu nawonso akupekedwa, afunsidwe chinthu chimene wakuba sangachidziwe, monga dzina la ng'ombe imene idaphedwa pa sadaka ya agogo, kapena amene adaphika pa chinkhoswe cha mlongo wake. Wolemba anthu ntchito akafuna ndalama za patsogolo, afunsidwe kumene kuli ofesi yake, ndipo wachibale wa ku Lichinga kapena ku Nkhata Bay apite akaione ndi maso. Chithunzi cha bilhete ndi cha nkhope chisatumizidwe kwa munthu wosadziwika, chifukwa ndi zomwezo zimene wakuba amavala pokabera wina. Ndipo aliyense wofulumizitsa, wonena kuti tumizani lero lomwe mawa mwayi utha, adikire usiku umodzi. Munthu woona mtima amadikira. Safunsa adadya phula.

Pa bwalo la milandu napo, chithunzi chilandiridwe monga mmene amalandirira mphekesera: chiyambi cha kufufuza, osati mathero ake. Adajambula ndani, tsiku liti, pamalo pati, ndipo ndani wina adaona? Mafunso amenewa amateteza wonamiziridwa ndi chithunzi chopeka, ndipo amatsekanso pothawira pa wolakwa amene akufuna kukana chithunzi chenicheni.

Makina opeka nkhope ndi makina ogwira bodza apitiriza kuthamangitsana, wina patsogolo lero, wina mawa. Makina angapeke mphuno, maso ndi kumwetulira. Koma kupeka mtsibweni amene anthu a ku Chuanga akumudziwa, woti akhale pa mphasa n'kunena kuti uyu ndi mphwanga, mlandu wake ndi wanga, kumeneko sadafikeko.